Likongwe Akuganizabe

Padangokhala, kale lomwe nyama zikadakwatirana mwa mwambo ndi kumadyana pa bawo m'malo modyana ndi mano, padali Likongwe. Likongweyu adali mkamwini kwa a Msulu. Adakwatira mwana wa mlongo wawo, dzina lake Nazimbiri, ndipo adamanga nyumba kuchikamwini komweko.

Tsono a Msulu mukuwadziwa. Sayenda awiri, sayenda atatu, amayenda mudzi wonse. Kudya ali limodzi, kugona ali limodzi, wina akayetsemula onse amadzuka kudzafunsa. Likongwe adakula ali yekha, ndipo moyo umenewu unkamutopetsa zedi. Akati acheze ndi mkazi wake, pakhomo pali alamu, kuseri kwa nyumba kuli azakhali. Chimene ankachifuna pa dziko lapansi chidali chimodzi chokha, chitengwa: kuti amulole kutenga mkazi wake kupita naye kwawo. Chaka chilichonse akakolola ankapempha, ndipo chaka chilichonse a Msulu, amene adali mwinimbumba, ankangoti, "Tiona, akamwini, tiona."

Pa bawo Likongwe adali ndi mbiri, koma mbiriyo idali yobwereka. Masewerawa ankangodziwako zimene amadziwa aliyense: kuti umatapa njere m'dzenje lako n'kumaponya imodziimodzi m'maenje otsatira, ukathera moyang'anana ndi njere za mnzako wadya, ndipo amene mzere wake wakutsogolo wauma ndiye wagonja. Zowerengera patsogolo ayi, mutu unkamupweteka. Koma adaona chinthu chimodzi: pa bawo oonerera satha kutseka pakamwa. Ndiye iye ankangoyendetsa dzanja pamwamba pa maenje, khutu lili kwa anthu. Akamva "Aaa, waononga!" dzanja linkapitirira ngati limangodutsa. Akamva "Eyaa, pomwepo!" ankatapa. Motero pa mowa uliwonse ankasewera ndi mitu ya anthu onse oimirira, wake ukupuma.

Kupambanako kudamuyabwitsa pakamwa. Tsiku lina chipanda chili m'manja adanena kuti ngakhale a Nang'omba sangamuumitse mzere.

Nang'omba ameneyu adali katswiri wa akatswiri, woti mafumu ankamuyalira mphasa. Adaleka kalekale kusewera ndi munthu mmodzi. Akafika pamudzi ankati mabawo onse andandalikidwe pabwalo, aliyense wofuna akhale kuseri kwa lake, iye n'kumayenda pamzerepo, apa watapa, apo watapa, kuyambira m'mawa. Lamulo lake lidali lakuti amene dzuwa limulowere asanagonje ndiye kuti sadagonje. Palibe amene dzuwa lidamulowerapo.

Itamveka mbiri yoti Nang'omba akubwera, a Msulu adaitana mkamwini wawo.

"Akamwini, paja mumati a Nang'omba sangakuumitseni mzere?"

"Zinali zapamowa zija, apongozi."

"Ife tinamva tisanaledzere. Akufika mkucha. Mukakhale nawo pamzerepo. Dzuwa likakulowerani musanagonje, mwana wathuyu mutenge, khasu ndi nkhuku za chitengwa musavutike nazo. Koma mukakagonja, nkhani ya chitengwa musadzaitchulenso. Mudzakalambira pano, tidzakuikani pano."

"Nanga ndikakana?"

"Mukakana palibe mlandu. Tizingoonabe monga tikuoneramu."

Likongwe adakauza mkazi wake. Nazimbiri adaika pansi lichero limene ankapetera.

"Musakakhalepo, bambo," adatero. "Bawo lanu ndi la pamowa. Ine ndimakuonani mukamasewera, maso anu sakhala pa njere."

"Amakhala pati?"

"Pakamwa pa anthu. Mukakana, amalume adzatopa tsiku lina. Mukagonja, basi, kwanu mudzingokumva."

"Amalume ako satopa. Ndatopa ndine. Kodi pabwalopo pakakhala anthu ambiri?"

"Dziko lonse."

"Ndiye ndapambana kale. Anthu akachuluka, pakamwa pamachulukanso."

Kuseri kwa khoma wina adatsokomola, ndipo wina adamuuza kuti akhale chete, akumvetsera.

Tsiku lidafika. Mabawo adandandalikidwa, ndipo kuseri kwake kudakhala Pusi, Mbira, Nungu, Ng'azi, Chiuli ndi ena ambiri odzikhulupirira. Likongwe adakhala kumapeto. Nang'omba adalowa pabwalo akuyenda pang'onopang'ono, jekete lakuda, khosi lofiira, nsidze zazitali ngati za mwali. Kumbuyo kwake kunkabwera kapitawo wake, Kanyimbi, ndipo ndiye adalankhula.

"Malamulo alipo awiri. Loyamba, bwana akaima pa bawo lako usewere, osati uyambe kukanda m'mutu kudikira dzuwa. Lachiwiri, aliyense wouza wosewera chochita, kaya ndi mawu, kaya ndi chifuwa, kaya akhale ndani, aona mchira wanga."

Mchira wa Kanyimbi aliyense ankaudziwa, komabe chizolowezi n'chovuta. Pusi atangotapa koyamba, mlamu wina wa Likongwe adaiwala n'kufuula kuti, "Aaa, osati limenelo!" Kanyimbi adangotembenuka n'kukweza mchira. Abale ake adamuthawa mnyamatayo atagwira mphuno, ndipo aka kadali koyamba m'mbiri ya fukolo kuti msulu akhale payekha. Kuyambira pamenepo pabwalo padangoti zii.

Likongwe adayang'ana khamu lonse lija, milomo yonse ili yotseka, ndipo adachita mantha enieni. Nang'omba adafika pa bawo lake, adatapa osayang'ana n'komwe, n'kunena, "Tapa."

"Akuluakulu," adatero Likongwe, "ine dzanja langa silitapa popanda nyimbo."

Kanyimbi adayang'ana bwana wake.

"Nyimbo si uphungu," adatero Nang'omba. "Imba, koma ifupike."

Likongwe adaipeka pomwepo. Idali nyimbo ya mlendo woyenda khomo ndi khomo, kufunsa nyumba iliyonse ngati ndiyo yamuphikira. Akazi a kwa Msulu, poti pakamwa padali patawayabwa kale, adaivomera msanga, kumuuza mlendoyo kuti apitirire akafunse khomo linalo. Dzanja linkayenda pamwamba pa maenje motsata nyimboyo, ndipo Likongwe ankangoyembekeza kuti mwina wina m'khamumo abuula. Palibe adabuula. Atasowa kolowera adakweza maso, ndipo adaona khosi la Nang'omba litafufuma ngati la chule. Adasuntha dzanja, khosi lidafufuma koposa. Adasunthanso, khosi lidaphwa. Adabwerera pa dzenje lija, lidafufumanso. Adapita pomwe lidaphwera, n'kutapa, ndipo adadya njere dzanja lodzaza.

Nkhani yake idali yotere. Nang'omba ankakonda bawo kuposa kupambana. Kuona dzanja likulunjika dzenje lolakwika kunkamupweteka ngati kuluma mchenga m'ndiwo, ndipo thupi lake linkadandaula mwini wake asakudziwa. Osewera enawo sankaziona, chifukwa odziwa bawo maso awo amakhala pa njere.

Pusi adagonja woyamba, poti ankatapa asanaganize. Mbira adatsatira, kenako Ng'azi. Nang'omba ankazungulira, ndipo nthawi iliyonse akafika kumapeto nyimbo ya mlendo inkayambanso, akazi n'kuvomera, dzanja n'kuyendera makomo onse mpaka kupeza lomwe laphika. Dzuwa lili pamutu, mzere wa Likongwe udali wodzaza.

Nang'omba adaima n'kumuyang'anitsitsa.

"Mnyamata iwe, bwanji ukungoyang'ana khosi langa?"

"Ndi lokongola, akuluakulu."

"Kanyimbi, bwera nayo nsalu ija. Kukuzizira."

Kunkatentha koti agalu malilime ali panja, koma palibe adatsutsa. Nang'omba adakulunga khosi lonse mpaka kuchibwano, n'kupitiriza ulendo wake.

Atabweranso kumapeto, Likongwe adayamba nyimbo yake. Mlendo adafunsa khomo loyamba, nsalu ili phee. Adafunsa lachiwiri, nsalu ili phee. Akazi tsopano ankaomba ndi m'manja momwe, osadziwa kuti mkamwini wawo zamuthina. Likongwe adakweza maso pamwamba pa nsaluyo, ndipo adaona nsidze zazitali zija zikuphethira mofulumira ngati m'maso mwalowa utsi. Adasuntha dzanja, zidaphethirabe. Adasunthanso, zidaima. Adatapa.

"Hm," adatero Nang'omba.

Nungu adagonja n'kuchoka akunjenjemeretsa minga. Chiuli atagonja adagubuduza bawo lake n'kutukwana mtundu wonse wa mbalame, koma atayang'ana Kanyimbi adapepesa. Mmodzimmodzi adatha onse. Zithunzithunzi zitayamba kutalika, pabwalo padatsala bawo limodzi, ndipo Nang'omba adachita chimene sadachitepo pamaso pa anthu. Adakhala pansi.

Masewera amene adatsatira, okalamba adati sadawaonepo. Nang'omba akatchera msampha, Likongwe ankaulambalala. Akatchera wina wobisika mkati mwa woyambawo, Likongwe ankaimba, n'kuulambalalanso. Njere zinkapita uku n'kubwerera uko. Katswiri uja thukuta lidali kamukamu m'nsalu muja, koma mtima wake udali wokondwa kuposa kale lonse, chifukwa kuyambira unyamata wake palibe adamuvutitsapo chonchi.

"Udaphunzira kwa yani?" adafunsa.

"Ndimangoonera kwa akuluakulu."

"Akuluakulu ati?"

"Amene ali pafupi."

Nang'omba adagwira nsalu ya pakhosi pake, adaphethira kamodzi, ndipo adaona maso a Likongwe akutsatira nsidze zake. Pamenepo adamvetsa. Sadakalipe. Adangotembenuka n'kumupatsa msana.

"Tapa," adatero. "Ine njere ndimazimva ndi makutu."

Likongwe adayambanso nyimbo. Mlendo adafunsa khomo ili, adafunsa ilo, adafika kumapeto kwa mudzi n'kubwerera, koma kutsogolo kwake kudali msana wakuda wokhawokha, ndipo msana sufufuma, suphethira. Akazi adavomera motsitsa, kenako adangosiya. Dzuwa lidali litafiira, koma lidali likadalipo, ndipo pa bawo lofika pamenepo kulakwa kamodzi n'kokwanira. Nazimbiri adadziphimba kumaso ndi chitenje. A Msulu adayamba kumwetulira.

"Nyimbo yatalika," adatero Kanyimbi, mchira ukugwedezeka.

Dzenje labwino Likongwe sankalidziwa. Koma loipitsitsa ankalidziwa bwino, chifukwa padali dzenje lina lodzaza pakati pa mzere wake limene nthawi zonse dzanja likadutsapo khosi lija linkafufuma koposa, nsidze n'kutsekeratu. Adatapa lomwelo.

"Tingomaliza, akuluakulu, anthu akapume," adatero mokweza.

Adayamba kuponya njere pang'onopang'ono, kuzigwetsa kuchokera m'mwamba kuti zimveke. Kho. Nthenga za pamsana pa Nang'omba zidaima. Kho. Mapewa adakwera. Kho. Nsalu ya pakhosi idayamba kuthina. Likongwe adakweza njere ina, adaigwira kanthawi, n'kuigwetsa.

"Bweza!" Nang'omba adatembenuka mapiko ali tambasu. "Bweza, chitsiru iwe! Masewera okoma chonchi ukufuna kuwapha ndi dzenje limenelo? Tapa la kumapeto!"

Likongwe adatola njere zake mwaulemu n'kuzibwezera m'dzenje lake. Kenako adacheukira Kanyimbi.

"A kapitawo, paja munati kaya akhale ndani?"

Kanyimbi adagwira njakata. Adayang'ana bwana wake, adayang'ana khamu, ndipo khamu lonse linkamuyang'ana iye, makamaka mlamu uja wokhala payekha. Kanyimbi sadali woganiza zambiri. Adali wosunga lamulo, ndipo ntchito yake ankanyadira nayo.

"Pepani, bwana," adatero, n'kutembenuka.

Zimene zidachitika sindingazifotokoze anthu akudya. Khamu lidabalalika, amayi kuiwala ana, ana kuiwala amayi. Nang'omba adathamangira kumadzi akulira ndi mawu ake aakulu. Dzuwa lidalowa pabwalo patatsala Likongwe yekha, dzanja lina pamphuno, lina litatchinga bawo kuti wothawa asalipunthe.

M'mawa mwake a Msulu adasonkhanitsa mbumba yawo, nkhope ili gwa.

"Mawu athu sitibweza," adatero. "Dzuwa linalowa, mkamwini sanagonje. Nazimbiri, manga katundu."

Nazimbiri adali atamanga kale. Likongwe mtima udali m'malo, ndipo adayamba kutsanzika alamu ake mmodzimmodzi ndi chisoni chabodza. Ali mkati motsanzika, anthu adayamba kupatuka okha, ena atagwira mphuno pang'ono. Adali Nang'omba, akuyenda mosamala, bawo lija atalisenza pamutu chopingasa kuti njere zisasunthe. Adalitula pamapazi pa Likongwe.

"Masewera sanathe," adatero. "Bawo losatha silifafanizidwa. Ndi nthawi yako."

"Akuluakulu, ine ndili paulendo."

"Ndikuperekeza. Ndilibe kwina kopita, ena onse amandigonjera dzuwa lisanapendeke. Ndipo ulendo uno ndimanga khosi, nditseka maso, ndi mlomo womwe ndimanga ndi luzi."

Nkhope ya a Msulu idamasuka.

"Ndiye zili bwino, akamwini," adatero. "Mkazi tengani. Koma tsiku limene bawo ili lidzathe inu mutagonja, mwana wathu abwerere, ndipo inu mudzamutsatire ndi khasu lanu."

Likongwe adayang'ana bawo. Dzenje limodzi ankalidziwa, la kumapeto lija adachita kuuzidwa, koma pambuyo pake sankadziwa kanthu.

"A Kanyimbi ali kuti?" adafunsa.

"Ndamuchotsa ntchito."

"Ndiye lamulo lofulumiza lija lapita nawo?"

Nang'omba adaganiza. "Lapita. Pa bawo la anthu awiri munthu amaganiza mmene angafunire."

"Zikomo, akuluakulu. Ndiganize kaye."

Adanyamuka atatu, Nazimbiri patsogolo ndi mtolo, Likongwe pakati, Nang'omba pambuyo ndi bawo pamutu. Atafika kwawo kwa Likongwe, Nang'omba adatula bawo pakati pa bwalo la nyumba, adalimangira kachisakasa kuti mvula isalowe m'maenje, n'kukhala pambali pake.

Kudali phee monga Likongwe ankafunira. Alamu kudalibe, azakhali kudalibe. Koma m'bandakucha uliwonse pabwalo pankamveka mawu aakulu ochokera pansi pa khosi, kufunsa ngati waganiza, ndipo Likongwe ankayankhira m'nyumba kuti akuganizabe. Pa mowa adaleka kusewera, poti munthu amene akudikiritsa Nang'omba sangakatape pa bawo la wina. Anzake akamafuula mozungulira njere, iye ankakhala patali manja akumuyabwa, ndipo zinkamuwawa. Pabwalo pake pomwe sankadutsa choyenda. Ankangoti psiti, mchira uli m'mwamba, kuopa kuitanidwa. Nazimbiri ankasesa mozungulira bawolo osalikhudza, ankampatsa mlendoyo chakudya monga mlendo, ndipo ana atabadwa lamulo loyamba limene adaphunzira lidali lakuti njere za agogo saseweretsa.

Zaka zidapita. Nthenga za Nang'omba zidayamba kuthothoka, ndipo mawu a m'bandakucha aja adayamba kusasa. Tsiku lina Likongwe adamumvera chisoni. Adabwera choyenda, n'kukhala pansi kutsidya kwa bawo.

"Akuluakulu, mukudzivutitsa chabe. Bwererani kwa mafumu akakuyalireni mphasa. Ine bawo sindilidziwa. Tsiku lija simunkasewera ndi ine. Khosi linali lanu, nsidze zinali zanu. Munkasewera nokha."

"Ndikudziwa," adatero Nang'omba. "N'chifukwa chake ndikufuna kuona amene apambane. Tapa."

Likongwe adayang'ana njere. Adayang'ana kumtondo, kumene Nazimbiri ankasinja mwana ali kumsana. Nazimbiri adali ataimitsa munsi m'mwamba, akumuyang'ana. Likongwe adabweza manja ake kumbuyo.

"Ndikuganizabe, akuluakulu."

Munsi udagwera mumtondo, ndipo Nang'omba adakhazikika bwino pamalo pake.

Ine nthano ndaitula pomwepa, njere zikadali m'maenje.